Momwe Mungakonzekerere Ulendo Wautali Wapansi Wopita Kumalo Oyera

Chaka chilichonse, pamene tsiku la 3 June likuyandikira, Akhristu ambiri amayenda wapansi masabata angapo kupita ku Namugongo m'dziko la Uganda kukakumbukira amaritiri a kumeneko, ndipo ku Spain munthu woyenda wapansi salandira chikalata cha ulendo wa ku Santiago de Compostela ngati sanayende makilomita osachepera 100. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu tilinso ndi malo oyenera ulendo wotere, monga ku Nzama kumene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni mu 1901, ku Mua kumene a White Fathers anakhazikika mu 1902, komanso ku Bembeke kumene kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza. Chimene chimabweza anthu panjira nthawi zambiri si kuchepa kwa chikhulupiriro ayi, koma mapazi, ndipo n'chifukwa chake malangizo awa akukhalitsa pamenepo.

Choyamba, sankhani nyengo mogwirizana ndi kumene mukulowera. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Mua ndi Mtakataka zili m'chigwa cha kunyanja, choncho munthu wonyamuka m'mawa atavala juzi ziwiri amafika kumunsi thukuta lili kamukamu. Miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino chifukwa mvula imakhala itatha ndipo mitsinje yaphwa. October musamuyese, pakuti dzuwa la ku Golomoti mwezi umenewo limafoola ngakhale mlimi wozolowera khasu.

Kenako yesani miyendo yanu kwa mwezi wathunthu musananyamuke. Yambani ndi makilomita 5 patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono, mpaka mutatha kuyenda makilomita 15 masiku awiri otsatizana mutabereka chikwama chomwe mudzapite nacho. Munthu wamkulu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola m'njira yosalala, koma gulu la mphakati, momwe muli amayi achikulire ndi achinyamata, limatsatira liwiro la wofooka, ndiye powerengera masiku ikani makilomita 20 patsiku, osapitirira 25.

Tsopano nkhani ya nsapato. Musagule nsapato yatsopano chifukwa cha ulendowu n'kuivala koyamba tsiku lonyamuka, ngakhale itakhala yokongola motani pamsika wa kaunjika. Nsapato yoyenera ndi imene phazi lanu linaizolowera kale, yopepuka, yokhala ndi mpata kutsogolo kwa zala, popeza phazi limatupa mukayenda maola ambiri. Mpatawo mudzauthokoza potsika Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti, pamene thupi lonse limakankhira zala kumphuno kwa nsapato; amene sanawenge zikhadabo amafika kumunsi zitada, ndipo pakapita masabata zimasosoka. Tengani masokosi osachepera mapeya atatu, muzisintha masana pamene mwapuma, ndipo muzichapa madzulo aliwonse. M'mawa pakani Vaseline pakati pa zala ndi kuchidendene. Mukangomva malo ena akuotcha m'nsapato, imani nthawi yomweyo, vulani, mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke, ngakhale gulu lili pakati pa korona. Ambiri amachita manyazi kuimitsa anzawo, koma mphindi zisanu zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi tsiku lonse limene gulu lidzataye pofunafuna kabaza woti akunyamuleni. Thuza laling'ono lisiyeni losaboola, mungoliphimba, ndipo likafiira kapena kuyamba mafinya pitani kuchipatala chapafupi. Amene ali ndi matenda a shuga ayambe aonana ndi dokotala, chifukwa chilonda cha kuphazi kwa iwo sichichedwa kukula.

Katundu asapose gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lanu, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 60 anyamule makilogalamu 6 basi. M'menemo mukhale zovala zosinthira, bulangete lopepuka, chitenje, patapata wovala madzulo, tochi, sopo, mankhwala amene mumamwa nthawi zonse, ndi neti yoteteza udzudzu ngati mukagona kumunsi, popeza ife a kumtunda malungo a kunyanja amatigwetsa msanga. Miphika ndi ufa zitsogole pa galimoto kapena panjinga.

Madzi muzimwa musanamve ludzu. Nyamulani botolo la malita awiri, muzidzaza pamjigo, ndipo ngati mwatunga pachitsime chosatetezedwa thiranimo WaterGuard. Mapaketi angapo a Thanzi, amene amasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino, amathandiza wina akatsegula m'mimba kapena akafooka ndi thukuta. Kamba wabwino ndi mtedza, chimanga chokazinga, nthochi ndi mbatata yophika. Nsima yambiri idikire madzulo, chifukwa masana imabweretsa tulo. Amene akufuna kusala kudya asale tsiku lofika, osati ali pachitunda.

Za kogona zikonzedwe musanachoke pakhomo. Pemphani bambo mfumu a parishi yanu akulembereni kalata yodinda, ndipo mtsogoleri wa gulu aimbiretu foni kumatchalitchi a m'njira kuti adziwe chiwerengero chanu ndi tsiku lofika, pakuti si ulemu kutulukira anthu makumi atatu usiku pakhomo pa katekisiti. Mukafika m'mudzi kaonekereni kwa a mfumu. Dera lathu lino n'la Gule Wamkulu, choncho musadule njira kudzera m'nkhalango iliyonse imene mwaiona, popeza ikhoza kukhala manda kapena dambwe. Funsani eni mudzi, ndipo akakuuzani kuti muzungulire, zungulirani osatsutsa. Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba, makamaka ngati mukudutsa cha ku Lizulu, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni ndi dziko la Mozambique. Ndalama zambiri zisungeni mu Airtel Money kapena Mpamba, m'manja mungotsala zogulira zinthu zazing'ono.

Tsiku lililonse nyamukani kukangoyera, mupume mphindi khumi pa ola lililonse, ndipo pofika 2 koloko masana mukhale mutafika pogona kuti zochapa ziume dzuwa lisanalowe. Pamsewu waukulu yendani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, mutandandalikana mmodzimmodzi, ndipo wotsogola ndi wotsiriza avale zovala zowala. M'mawa wa nkhungu, umene ku Bembeke ndi ku Lizulu sumasowa m'nyengo yozizira, dikirani kuti kuyere bwino, chifukwa dalaivala wa thiraki sangakuoneni ngakhale mukuimba mokweza. Kumbuyo kwenikweni kukhale munthu wamphamvu wonyamula foni ndi bokosi la mankhwala, amene udindo wake ndi kuonetsetsa kuti palibe wotsala yekha.

Pomaliza, gwirizanani za kabwereredwe musananyamuke, ndipo ndalama ya minibasi yobwerera muipereke kwa msungichuma wa gulu tsiku loyamba lomwe, chifukwa miyendo imene yatsika Khwekhwerere masiku apitawo siidzalola kukweranso phirilo mawa lake.