Kulowa pansi pa nyanja koyamba: mmene ndinachitira ku Cape Maclear

Ine ndimakhala ku Area 25, ndipo kusambira ndinaphunzira ndili wamkulu kale. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kulowa pansi pa nyanja ndi silinda ya mpweya kumsana si za alendo akunja okha. Ndinakayambira ku Cape Maclear, m'miyala ya chilumba cha Thumbi, mu Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980.

Pitani pakati pa Seputembala ndi Novembala, madzi akakhala bata. Nthawi ya mwera, cha mu Juni ndi Julaye, nyanja imawinduka, munthu mantha amakugwira ukadali m'boti. Pezani mlangizi wa satifiketi, monga ya PADI (bungwe lophunzitsa kulowa pansi pa madzi), ndipo mumuuze zoona za thanzi lanu: mphumu, mtima, BP, mankhwala omwe mukumwa. Mukakhala ndi chimfine, dikirani chithe.

Chimfinecho ndachitchula chifukwa cha makutu. Mukatsika mamita 10, madzi ndi mpweya zimakupanikizani kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, ndipo makutu ndiwo amayamba kumva. Tsinani mphuno, uzirani pang'ono ngati mukumina, mudzamva m'makutu kuti phu. Chitani zimenezi kawirikawiri, ululu usanayambe. Ine ndinadikira mpaka khutu lakumanzere litabaya. Mlangizi anandikweza pang'ono, ndinayesanso, kenaka tinapitirira. Osakakamiza.

Lamulo lalikulu ndi ili: musasunge mpweya m'chifuwa, ngakhale kamodzi. Mpweya womwe mwakoka muli pansi umafufuma mukamakwera, ndipo mukatseka pakhosi ungathe kuvulaza mapapo. Kokani pang'onopang'ono, tulutsani pang'onopang'ono. Mantha akabwera, imani, yang'anani mlangizi, pumani katatu. Yesererani m'madzi ofika m'chifuwa kutulutsa madzi m'galasi la kumaso ndi kubwezera regulator (chipangizo chopumira mpweya wa m'silinda) m'kamwa, mpaka manja azolowere. Pansi palibe kuyankhula: chala chachikulu m'mwamba chimatanthauza kuti tikwere, pomwe kunena kuti zili bwino mumapanga kamkombero ndi chala chachikulu ndi cholozera. Muziyang'ana geji yosonyeza mpweya wotsala m'silinda. Ikafika pa 50 bar muyenera kukhala mukutuluka. Tsiku loyamba simupitirira mamita 12, ndipo pokwera mumaima mphindi zitatu pa mamita 5.

Musadandaule ndi kuchepa kwa mamitawo, chifukwa nsomba za mbuna zimakonda miyala yosaya, pomwe dzuwa limafika ndipo ndere imamera. Zabuluu za mizere yakuda, zachikasu, za mawangamawanga, zonse zili kalikiliki kupala ndere pamwala. Yaimuna iliyonse ili ndi phanga lake, ina ikayandikira imaithamangitsa. Chomwe chinandigwira mtima ndi nsomba yaikazi yomwe inali ndi tiana kuzungulira mutu wake. Nditasendera, inatsegula kamwa, tiana tonse n'kuthamangiramo. Nsomba zimenezi zimalerera mazira ndi ana m'kamwa, ndipo ndinali nditamvapo, koma kuziona ndi maso anga kunandichititsa kuiwala kuzizira. Suzumiraninso pansi pa miyala ikuluikulu, mwina mudzaona nkhanu kapena kampango. Manja pindani pachifuwa. Musagwire mwala, musatole kanthu, musavundule mchenga ndi zopalasira za kumapazi, chifukwa mukatero mwawonongera nsomba malo komanso mnzanu wakumbuyo saona kanthu.

Ife a ku Lilongwe tili ndi china choti tisamale. Pobwerera timakwera chitunda cha Golomoti kupita cha ku Dedza, kumtunda kwambiri poyerekeza ndi nyanja, pomwe m'thupi mukadali nitrogen, gawo la mpweya wopuma, yomwe yalowa tili pansi. Kukwera msanga kungachititse kuti ipange thovu m'magazi. Ine ndimagona ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, n'kunyamuka mawa lake. Ndipo poti m'mbali mwa nyanja muli likodzo, pakatha miyezi iwiri ndimapita kuchipatala kukayezetsa ndi kufunsa za praziquantel, mankhwala a likodzo.