Momwe mungaikire mtengo pa ntchito yomata tsitsi la abambo a dazi mu babashopu yanu

Masiku ano kuno ku Mulanje sizachilendonso kuona bambo atavala kapusi akulowa mu babashopu, kukhala pa benchi mpaka anthu onse atuluke, kenako nkukuonetsa vidiyo ya pa TikTok ya munthu wa dazi akumumata tsitsi pamutu nkudzuka pampando ngati mnyamata. Funso limakhala lomwelo, "achimwene izizi mumapanga? Ndi zingati?" Ine ndimameta pa Chitakale ndipo ntchitoyi ndinailowa nditaona kuti anthu akumakwera minibasi mpaka ku Blantyre pa chinthu choti manja athu omwewa atha kupanga. Kumatako ndinaphunzira, sikunandizunze kwambiri. Chinandizunza ndi mtengo, ndipo anzanga a pa Boma, ku Limbuli ndi ku Luchenza akhala akundifunsa zomwezi pa WhatsApp ndiye ndati bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge.

Kwa amene simunaione, ndi kawigi ka abambo, ena amati toupee ena hair system. Tsitsi limakhala lomangiriridwa pa kansalu kapena kapulasitiki kopyapyala, ife timameta mpala pamwamba ponse pomwe dazi lagwira, kumata ndi guluu kapena tepi, kenako kumeta kuti lilumikizane ndi tsitsi lake la mmbali osaoneka polekezera.

Choyamba, mtengo muugawe patatu

Apa mpomwe ine ndinagwa. Kasitomala wanga woyamba anali bambo wina wa ku esiteti ya tiyi, ndinangomuuza ndalama imodzi, analipira osanenerera, anapita akumwetulira. Patatha masabata atatu kutsogolo kwayamba kutukuka, anabwera ndinachotsa, kutsuka, kumatanso, ola ndi theka lathunthu, ndiye pomwe ndimati ndimuuze za ndalama anangondiyang'ana nkuti "koma si ndinalipira kale?" Sanalakwe mkuluyo. Ine ndi amene sindinamuuze kuti chinthuchi chimafuna kubwerera, ndipo zinandiwawa chifukwa anachoka akuona ngati ndamutchera msampha pomwe mutu wake unali utametedwa kale mpala pamwamba, sakanatha kungosiya.

Ndiye lembani mitengo itatu yosiyana: wa tsitsi lenilenilo, wa kuyeza, kudula ndi kumata koyamba, ndi wa sevisi ya nthawi iliyonse akabwera. Olo kasitomala anene kuti "ingondiuzani zonse pamodzi" muuzeni pamodzipo koma muonetseni mmene zagawikira.

Chachiwiri, mtengo wa tsitsi

Musanatchule nambala dziwani kaye mtundu omwe mukuoda chifukwa sakhalitsa mofanana. Pali ya lace, kansalu kokhala ngati neti, imapitisa mpweya ndipo kwa munthu wotuluka thukuta kwambiri ndi yomwe ndimakonda, kungoti kuchotsa guluu pa iyo kumafuna kudekha, ukakoka mwankhanza imang'ambika. Pali ya skin, kapulasitiki, yosavuta kutsuka, koma ikakhala yopyapyala kwambiri ngati ija ya 0.03mm imaoneka bwino zedi pamphumi koma mwezi umodzi kapena iwiri yatha. Ya mono, kaneti kolukana kwambiri kokhuthalirapo, ndi yolimba kuposa zonsezi, imatha kupitirira theka la chaka, kungoti kutsogolo siibisika bwino ngati zinazo. Zambiri zimabwera pa saizi ya mainchesi 8 kwa 10 ndiye timadula tokha malinga ndi mutu. Pa tsitsi lathu lachikuda funsani afro curl, 4mm ndi lopotana kwambiri, 6mm ndi 8mm lomasukirapo, ndipo kala yomwe imagwirizana ndi anthu ambiri ndi 1B, osati 1 yomwe imada bii mpaka kuoneka kuti ndi zoikirira.

Zinthuzi zambiri zimapangidwa ku China, mizinda ngati Qingdao ndi Xuchang, ndiye kaya mwapikula ku Limbe, kaya wina wakutengerani ku Johannesburg kapena Dar es Salaam, kumbuyo kwake kuli dola. Tonse tikukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali ndi katundu nkugulitsa pa mtengo wakale anapezeka kuti ndalama yomwe agwira siikugulanso katundu yemweyo. Ndiye musamawerengere pa ndalama yomwe munagulira, werengerani pa yomwe mukagulire lina mawa. Ndipo mtengo mukamuuza munthu muzinena kuti ukugwira ntchito sabata imodzi, akachedwa tifunsanso.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone masamu ake, inu muikepo anu. Tsitsi mwagula K150,000, transipoti yokatenga ku Limbe ndi ndalama yodulidwa potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zakwana K10,000, ndiye lafika mu shopu pa K160,000. Ikanipo phindu la kota, K40,000, ligulitsidwe K200,000. Ena amaona ngati kuikapo phindu ndi kuba, ayi, mpamba wanu wagona mmenemo ndipo likabwera lolakwika kala ndinu amene muluze.

Dipoziti tengani, yokwana mtengo onse wa tsitsi musanaode. Mukangodula kansalu kaja molingana ndi mutu wa munthu basi ndi kake, simungabweze komwe munagula komanso simungamugulitse wina.

Chachitatu, mtengo wa manja anu, apa ndikhalitsapo

Vuto lathu ometa timayeza chilichonse ndi mtengo wa kumeta wamba. Munthu akuti ndimameta K2,000 ndiye iyiyi ndingotchaja K10,000 ndaphula. Simunaphule achimwene. Tengani wotchi muone.

Tsiku loyamba mumayamba ndi kucheza naye, kuona khungu, kugwirizana pomwe mzere wa kutsogolo uyambire, ndipo musautsitse kwambiri, zala zinayi kuchokera pa nsidze ndi poyambira pabwino, bambo wa zaka 50 akakhala ndi mphumi ya mwana wa Fomu 2 aliyense amadziwa. Kenako chikombole, kukuta mutu ndi pulasitiki yopyapyala ija yokutira zakudya, kumata selotepi pamwamba kangapo mpaka ilimbe, kujambula malire a dazi ndi maka, kuchotsa nkudula. Chikombolecho muika pa kansalu nkudula mosamala ndi lezala kuchokera kunsi kuti tsitsi lisaduke. Ndiye kumeta mpala, kutsuka mutu, kupukuta ndi alcohol wopukutira pakhungu, osati mowa, kuti mafuta onse achoke, kupaka guluu mopyapyala kawiri katatu uku mukudikira kuti aliyense aume kaye, kumata kuyambira kutsogolo, kenako kumeta kolumikiza komwe ndiye ntchito yeniyeni chifukwa tsitsi ili silimeranso, mukadula mopyola mwadula K200,000 ya munthu. Zonsezi maola atatu amakwana, magetsi akazima pakati ndiye kuposa.

Tsopano masamu. Ngati mumameta K2,000 ndipo pa ola mumatha mitu itatu, ola lanu ndi K6,000. Maola atatu ndi K18,000, iyi ndi ndalama yoti mukanaipeza kale pongometa wamba, simunapindule kanthu. Ine ndimaichulukitsa kawiri chifukwa cha luso ndi chiopsezo chomwe ndasenza, ifike K36,000. Kenako zipangizo. Guluu weniweni ngati Ghost Bond kapena Ultra Hold wa Walker Tape ndi wodula, ndiye botolo mukagula muzilemba chizindikiro pa pepala mutu uliwonse omwe mwamata mpaka lithe, mudziwe kuti limakwana mitu ingati. Tinene kuti botolo la K60,000 lamata mitu 12, ndiye K5,000 pa mutu. Tepi, mankhwala ochotsera guluu ngati C-22, magolovesi, lezala yatsopano, thonje, shampu, tinene K4,000. Pamodzi K45,000. Imeneyo ndiye ndalama ya kumata koyamba mu chitsanzo chathu, ndipo munthu akafunsa chifukwa chake muli ndi choyankha.

Pa guluu ndikupempheni ndi mtima onse, musayese kutsitsa mtengo pogwiritsa ntchito supa guluu kapena guluu wakuda uja wa mawivi a azimayi. Ameneyu ndi mutu wa munthu. Ndipo olo guluu akhale weniweni, pakani kadontho kuseri kwa khutu tsiku lomwe wabwera kudzalipira dipoziti, adikire masiku awiri, pakafiira kapena kuyabwa musamate. Wina akakhala ndi chipere, zilonda kapena tsitsi likuthothoka mwa zigambazigamba mwadzidzidzi, ameneyo ayambe wapita kuchipatala, ndalama yake musatenge.

Ena amabwera ndi tsitsi lawo, m'bale wawo wawatumizira kuchokera ku Joni. Palibe vuto koma apa phindu la tsitsi mulibe, ndiye ine ndimakwezako pang'ono mtengo wa manja ndipo ndimaliona kaye pamaso pake, kulikoka pang'ono ngati likuthothoka, kuliyerekeza ndi kala ya mmbali. Ndimamuuziratu kuti ndiyankha pa kamatidwe, koma tsitsilo likayamba kuyoyoka si mlandu wanga.

Chachinayi, sevisi

Masabata awiri mpaka anayi aliwonse munthu amayenera kubwera, kuchotsa, kutsuka guluu wakale pamutu ndi pa kansalu, kumeta tsitsi lomwe lamera kunsi, kumatanso ndi kukonza mmbali. Ndi ola ndi theka. Pa masamu athu aja K9,000 ya nthawi, K6,000 ya zipangizo, kuikapo ya luso, K20,000. Apa sindichulukitsa kawiri chifukwa kudula kowopsa kuja kunachitika kale komanso ndimafuna munthu azibwera pa nthawi yake, akamaopa mtengo amakhala miyezi iwiri osachotsa, thukuta ndi litsiro zimaunjikana kunsi, fungo limayamba, khungu limatupa, ndipo anthu akamafunsa anakumata ndani dzina lotchulidwa ndi lanu.

Nyengo ya kwathu kuno muiwerengere. Mu June ndi July chiperoni chikamatsika mphiri guluu amagwira nthawi yaitali, koma October ndi November kukatentha masabata awiri okha kutsogolo kwatukuka. Wa kabaza wa njinga yamoto amene amavala helemeti tsiku lonse, kapena kapitawo woyenda mminda ya tiyi dzuwa lili pamutu, sangafanane ndi wa mu ofesi. Mufunseni ntchito yake musanamulonjeze masabata.

Anthu ambiri kuno ndalama amaigwira kumapeto kwa mwezi, ndiye mutha kupanga zoti alipiriretu masevisi atatu nkumuchotserako pang'ono. Lembani mu kope, asainire. Ngongole pa sevisi ine ndinaleka, guluu samagulidwa ndi malonjezo.

Chachisanu, muuzeni za chaka chonse lezala isanakhudze mutu

Ichi ndiye chomwe ndalembera nkhani yonseyi. Tengani pepala muwerengere limodzi. Ngati tsitsi likukhala miyezi inayi, pa chaka afuna atatu, K200,000 kuphatikiza K45,000 katatu ndi K735,000. Akamabwera masabata atatu aliwonse ndi maulendo 17 pa chaka, kuchotsapo atatu omata latsopano atsala 14, pa K20,000 ndi K280,000. Zonse K1,015,000. Munthu amene amaganiza kuti ndi K245,000 kamodzi basi akaona nambala imeneyi amakhala kaye chete, ndipo ena amanena kuti ayi sindingakwanitse. Msiyeni apite mwaulemu, mumeteni mpala wabwino woyera, mukonzeni ndevu, adzabwerabe kwa inu mwezi ndi mwezi. Wina amati ndikungofuna pa ukwati wanga kapena wa mwana wanga basi, ameneyonso muthandizeni, mpezereni ya skin yotsika mtengo, mumate kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti guluu akhazikike, ndipo muikiretu mtengo wodzachotsa kuti asakazule yekha kunyumba.

Muuzeninso kuti tsiku loyamba ndi lachiwiri asanyowetse mutu, asapake mafuta kapena Vaseline pamzere wa kutsogolo chifukwa mafuta amasungunula guluu. Ine ndimalonjeza kuti pakatukuka sabata isanathe iye atatsatira zimenezi, ndimata ulele. Kupyola sabata ndi sevisi yolipira.

Tina ndi tina tomwe timaiwalika

Abambo ambiri safuna kuonedwa, ndipo nzomveka, tauni zathu ndi zazing'ono aliyense amadziwa mnzake. Katani yotchinga pakona ndi yokwanira, kapena muziwapatsa nthawi ya mmamawa shopu isanatsegulidwe. Akafuna kuti mupite kwawo, kaya ku Likhubula kaya ku Thyolo, tchajani transipoti yopita ndi kubwera komanso maola omwe shopu yakhala yotseka, ndipo funsani ngati kuli magetsi ndi madzi musananyamuke. Obwera kuchokera ku Milange kudzera pa Muloza pena amafuna kulipira ma metikashi, gwirizanani reti musanayambe ntchito osati mutamaliza.

Zithunzi za "asanamate ndi atamata" zimakoka makasitomala kuposa chikwangwani chilichonse, koma musajambule munthu osapempha. Akavomera bisani nkhope ndipo muchotsereniko pa mtengo wa sevisi yotsatira, wakugwirirani ntchito yotsatsa malonda.

Mitengo yonse itatu ilembeni pa pepala limodzi, muike deti pamwamba, mujambule ndi foni kuti aliyense wofunsa pa WhatsApp muzimutumizira chimodzimodzi, wa galimoto ndi wa njinga mtengo umodzi. Botolo la guluu likatha nkupita kukagula lina, bwererani pa pepala lija muwerengerenso ndi mtengo watsopano musanamate mutu wina.