Apantchito a mu Blantyre, konzekerani kupuma monga mukonzekera ntchito

Munthu wokhala ku Machinjiri kapena ku Bangwe amene amagwira ntchito ku Makata kapena m'tauni amadzuka kusanache, kutunga madzi, kukonzekeretsa ana a sukulu, kenako n'kukalimbirana minibasi pasiteji. Akamafika pamakina kapena padesiki, mphamvu zimakhala zitapita kale ndi msewu, ndipo madzulo mdipiti wa magalimoto pamsewu wa Masauko Chipembere umamubwezera kunyumba kutada. Akayamba kuwodzera masana, anzake amati ndi ulesi. Ine ndimati ndi munda woguga, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti munda wotere amaugoneka kaye kuti chonde chibwerere.

Choyamba dziwani zimene lamulo limakupatsani. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, ndiponso kuti munthu asagwire masiku opitirira 6 motsatizana popanda kupuma maola 24. Tchuthi cholipidwa cha pachaka ndi masiku 18 kwa amene amagwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa amene amagwira masiku 5. Ambiri masikuwa amangowasunga mpaka kugwe maliro kapena chinkhoswe kumudzi, ndipo amabwerako atatopa kuposa mmene anapitira.

Malangizo anga ndi akuti mu Januwale momwe, khalani pansi ndi abwana anu kapena a ku ofesi yoona za ogwira ntchito, mugwirizane masiku a tchuthi ndipo alembedwe. Ngati n'kotheka, agaweni pawiri. Gawo limodzi lipite ku zofunika za pabanja, monga kukolola, kuyang'anira amisiri papuloti kapena kukaona makolo, koma gawo linalo likhale lopumadi, lopanda ganyu ndiponso lopanda kuyankha mauthenga a kuntchito pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti m'thumba mukauma, kupuma kumaoneka ngati kutaya ndalama, koma kudwala mpaka kugona m'chipatala kungadye zambiri kuposa zimene ganyu ingabweretse.

Tchuthi pachokha sichingakonze thupi limene limazunzika tsiku ndi tsiku. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, choncho foni izisiyidwa kutali ndi bedi nthawi yogona ikakwana. Nthawi ya nkhomaliro chokani pamalo ogwirira ntchito, ndipo chepetsani nsima, pakuti mitanda itatu m'kutentha kwa Okutobala imaitana tulo 2 koloko isanakwane. Botolo la madzi likhale pafupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo wogwira ntchito yokhala pansi angazikwanitse pongotsika minibasi pa Ginnery Corner n'kuyenda mwandawala mpaka m'tauni masiku asanu, ndalama ya thiransipoti n'kutsalako pang'ono.

Koma kutopa kwina sikutha ndi kupuma. Ngati mwagona mokwanira kwa masabata angapo koma thupi likadali lolefuka, makamaka ngati pali ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena mutu wosasiya kupweteka, musamangomwa panado. Pitani kuchipatala chaching'ono cha Ndirande, Zingwangwa kapena Limbe kuti akakuyezeni shuga, BP ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati chikukusowetsani tulo ndi nkhawa ya ngongole kapena ya kuntchito, muwauzenso adokotala zimenezo.