Zoyenera kuchita galasi la chitseko cha galimoto likakana kukwera kapena kutsika

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu masiku ano, monga Toyota Sienta, Vitz, Passo, Honda Fit, Nissan Note ndi Mazda Demio, zinabwera kuchokera ku Japan zitayendako kale zaka zingapo, ndipo pafupifupi zonse zili ndi magalasi a m'zitseko oyendera magetsi. Tsiku limene galasi lakana, vuto silibisika. Dalaivala amafika pamalo olipirira msewu pa Chingeni kapena pa Kalinyeke n'kutsegula chitseko chonse kuti apereke ndalama, ndipo amene galasi lake lakanirira m'munsi sapeza mtendere mitambo ikayamba kuda mu Novembala. Eni galimoto ambiri akafika pamenepa amangogamula kuti mota yoyendetsa galasi yapsa, n'kuthamangira kukagula ina. Langizo langa ndi lakuti musafulumire, chifukwa mota ndi chimodzi chabe mwa zinthu zingapo zimene zimayimitsa galasi, ndipo zambiri mwa zinthuzo n'zotsika mtengo kuposa motayo.

Magetsi a mavoti 12 amachoka ku batire, amadutsa pa fyuzi, amafika pa swichi, kenaka amapita ku mota yaing'ono imene ili m'kati mwa chitseko. Motayo imazunguza chipangizo chimene amakaniko amachitchula kuti regulator, ndipo chimenechi ndicho chimanyamula galasi. Pa galimoto zina regulator ndi zitsulo zopingasa ngati sizasi, pa zina ndi chingwe chachitsulo choyenda pa timawilo tapulasitiki. Galasilo limatsetsereka m'ngalande ya malabala amene ali m'mbali mwa chitseko. Kufufuza vuto ndi kutsata njira imeneyi mwadongosolo, kuyambira pa zimene sizifuna ndalama.

Yambani ndi batani lokhoma magalasi, limene lili pa chitseko cha dalaivala pafupi ndi maswichi ena. Likadinidwa, kaya ndi chigongono kaya ndi mwana, maswichi a m'zitseko zina amaleka kugwira ntchito, ndipo pa galimoto zina ngakhale dalaivala amalephera kuyendetsa magalasi a m'zitsekozo. Zingaoneke zoseketsa, koma anthu afikapo ku garaja chifukwa cha batani limeneli. Kenaka yesani galasi lokanalo ndi maswichi onse awiri, ya dalaivala ndi ya pa chitseko chakecho. Likayenda ndi swichi imodzi n'kukana ndi inzake, dziwani kuti mota ndi regulator zili bwino, vuto lili pa swichi kapena pa waya wake.

Chachiwiri ndi kumvetsera, ndipo apa mpamene mwini galimoto angadziwe zambiri asanagwire sipanala. Imikani galimoto pamalo opanda phokoso, zimitsani wailesi ndi injini, koma kiyi akhale pa ON. Yatsani getsi la kudenga, dinani swichi, khutu lili pafupi ndi chitseko ndipo maso ali pa getsilo. Mukapanda kumva kanthu, getsi n'kukhala lowala chimodzimodzi, magetsi sakudutsa m'mota, choncho kayikirani fyuzi, swichi, mawaya kapena maburashi a m'mota (timakala timene timadutsitsa magetsi m'motamo) amene atha. Getsi likazilala pang'ono pamene mwadina koma galasi osasuntha, mota ikulandira magetsi ndipo ikuyesetsa, koma yamangika kapena galasi lagwidwa penapake. Mukamva mota ikulira bwinobwino galasi lili phee, kapena mukamva kukhekheretsa ngati zitsulo zikutafunana, vuto ndi regulator: chingwe chaduka kapena chapiringizika, mano adyeka, kapena galasi lachoka pa chonyamulira chake. Zikatere lekani kudina, chifukwa chingwe chodukacho chimadzikulunga ndi kuwononga zina zimene zinali zabwino.

Magalasi onse akakana nthawi imodzi, pitani ku bokosi la mafyuzi, limene kawirikawiri limakhala kunsi kwa dashibodi ndipo lina limakhala ku injini. Pa chivindikiro chake pamakhala chithunzi chosonyeza ntchito ya fyuzi iliyonse, ndipo ya magalasi imalembedwa P/W kapena POWER pa galimoto zambiri za ku Japan. Zulani fyuziyo, muiyang'ane pa kuwala; kachitsulo ka m'kati kakaduka, yapsa. Ikani ina ya nambala yomweyo. Mitundu imathandiza: yofiira ndi 10, yabuluu ndi 15, yachikasu ndi 20, yobiriwira ndi 30. Mchitidwe wolumikiza fyuzi yopsa ndi waya kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi woopsa kwambiri, pakuti fyuzi imapsa kuti mawaya asapse, ndipo mukaichotsera ntchito imeneyi moto umayambira m'kati mwa dashibodi. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene akukhudza chitsulo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa magetsi a galimoto.

Tsopano tifike pa chimene ndimachiona kuti ndicho gwero la mavuto ambiri kuno kwathu, fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, galimoto yoyenda m'misewu yadothi imadzaza fumbi m'malabala a galasi. Dzuwa limaumitsa malabalawo, madzi otsukira galimoto amasandutsa fumbilo matope, ndipo matopewo akauma amagwira galasi ngati guluu. Chizindikiro chake chimabwera pang'onopang'ono: galasi limatsika bwino koma limakwera mochita kudzikoka, nthawi zina likulira, nthawi zina likupendekeka. Mota imene ikukankha galasi lotere tsiku ndi tsiku ndiyo imadzapsa pambuyo pake, ndipo mukaika yatsopano osatsuka malabala, nayonso idzatsata njira yomweyo. Tsitsani galasi mpaka pansi ngati likulola, kulungani kansalu konyowa ndi madzi a sopo pa kamtengo kopyapyala, ndipo mukolope m'ngalande monse kuyambira m'munsi mbali imodzi, kudutsa pamwamba, mpaka kutsikira mbali inayo. Kansaluko kadzatuluka kofiira ndi dothi, ndipo mubwereze mpaka kayere. Pakauma, poperani mafuta a silicone amene amagulitsidwa m'zitini m'masitolo a zipangizo za galimoto, kenaka kwezani ndi kutsitsa galasi kangapo. Musaike oyilo wa injini, girizi kapena mafuta ophikira, chifukwa oyilo ndi girizi zimatupitsa labala, ndipo zonsezi zimakoka fumbi lochuluka kuposa poyamba. Onaninso ngati tinti yamatuka m'mphepete n'kudzipinda m'ngalande, kapena ngati labala lachoka m'malo mwake.

Mota zambiri zili ndi chitetezo chimene chimadula magetsi zikatentha. Choncho galasi likaima pamene ana akhala akuseweretsa swichi, kapena inu mwakhala mukulikakamiza, dikirani mphindi zingapo musanayesenso.

Ngati galasi lakanirira m'munsi, mvula ikubwera, ndipo mota ili chete, pali njira yongopulumukira. Wina akoke swichi yokwezera osaisiya, inu mumenye chikuto cha chitseko ndi chikhatho, cha m'munsi chapakati, pamene pamakhala mota, kapena mutseke chitseko mwamphamvu pang'ono swichi ikadali yokokedwa. Kugwedezekako kumachititsa maburashi okutha kukhudzanso kwa kanthawi. Ngati mbali ya galasi ikuonekera, lipaneni ndi zikhatho ziwiri, china kunja china m'kati, n'kulithandiza kukwera, zala zili kutali ndi m'mphepete mwake. Likakwera, musalitsitsenso mpaka mota itakonzedwa, chifukwa njira imeneyi siichiritsa ndipo tsiku lina idzakana.

Pali malo ena amene anthu ambiri sawaganizira. Pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi, pali paipi yalabala yokhala ngati khodiyoni, ndipo m'menemo mumadutsa mawaya onse opita m'chitseko. Mawayawa amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, choncho pa galimoto yakale, makamaka yonyamula anthu imene chitseko chake sichipuma, amathothoka m'kati. Mukaona kuti galasi likuyenda chitseko chili chotsegula koma likukana chikatsekedwa, kapena mosemphanitsa, sendezani labalalo muone mawaya. Waya woduka alumikizidwe ndi mtovu n'kukutidwa bwino, osati kungomupotokola.

Zonsezi zikalephera mpamene chitseko chiyenera kutsegulidwa m'kati. Chotsani kaye waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, ndipo mukaona pulagi yachikasu musaikhudze, chifukwa mtundu umenewu ndi wa mawaya a airbag, thumba la mpweya lotetezera anthu pa ngozi. Chikuto cha chitseko chimagwidwa ndi masikuluu awiri kapena atatu obisika kuseri kwa chotsegulira ndi m'kati mwa chokokera chitseko, komanso timapini tapulasitiki m'mphepete. Kanganulani pang'onopang'ono kuyambira m'munsi, kenaka nyamulani chikutocho m'mwamba, ndipo mumasule mapulagi musanachikokere kutali. Kuseri mudzapeza pepala lapulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda. Limatuleni mosamala ndipo mudzalibwezere, pakuti ndilo limatchinga madzi a mvula olowa m'chitseko kuti asafike ku maswichi ndi masipika. Ndaona zitseko zambiri zimene pepalali linang'ambidwa n'kutayidwa, ndipo mvula itatha swichi inali itachita dzimbiri.

Mukabwezera batire ndi pulagi ya swichi kwa kanthawi, pimani magetsi pa pulagi ya mota ndi mita kapena ndi tesita ya babu, wina akudina swichi. Magetsi okwana pafupifupi mavoti 12 akamafika podina kukweza komanso podina kutsitsa koma mota osayenda, galasi lili losagwidwa penapake, pamenepo ndiye mungathe kunena motsimikiza kuti mota yatha. Akapanda kufika, bwererani ku swichi, imene nthawi zambiri imangofuna kutsukidwa timapini take takuda ndi mwaye ndi fumbi. Musanamasule regulator, chotsaninso batire, kwezani galasi ndi manja ndipo mulimate ku felemu ya chitseko ndi tepi yolimba, chifukwa likagwera m'kati limasweka tizidutswatizidutswa ndipo lingathe kukudulani dzanja. Mabawuti ake pa galimoto zambiri za ku Japan amamasulidwa ndi sipanala ya 10. Chenjerani ndi regulator yangati sizasi, chifukwa yambiri ili ndi sipuling'i yamphamvu imene imafwamphuka mota ikachotsedwa, ndipo yapweteka zala za anthu. Amene sanaigwirepo ntchitoyi achita bwino kuisiyira makaniko. Pa njanji zachitsulo ndi pa mano a regulator mpamene girizi amafunika, wochepa, mutapukuta wakale wouma uja.

Pokagula chipangizo, kaya ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre kapena kwina kulikonse, nyamulani chakalecho. Mota ya chitseko cha kumanja siifanana ndi ya kumanzere, ndipo ya chitseko cha dalaivala kawirikawiri imakhala ndi mapini ambiri pa pulagi kuposa zinzake, chifukwa imawerenga pamene galasi lafika. Werengani mapiniwo, yerekezani mabowo a mabawuti, ndipo ngati ndi yochotsedwa pa galimoto ina, wogulitsa aiyese pa batire inu mukuona kuti ikuzungulira mbali zonse ziwiri. Regulator yachingwe ikaduka, ndi bwino kusintha yonse, chifukwa chingwe cha mabuleki a njinga chimene ena amaikamo sichikhalitsa.

Mukamaliza, mwina mudzapeza kuti galasi la dalaivala silikukweranso lokha mukadina kamodzi, kapena likufika pamwamba n'kubwereranso pansi pang'ono. Zimenezi zimachitika batire likachotsedwa, ndipo sizitanthauza kuti mwaononga kanthu. Pa galimoto zambiri mumangotsitsa galasi mpaka pansi, kenaka n'kukoka swichi mpaka litatsekeka, ndi kupitiriza kuigwira kwa masekondi angapo litafika kale pamwamba. Likabwererabe, tsukaninso malabala a pamwamba, chifukwa dothi lochepa chabe limanamiza chitetezo chimene chinaikidwa kuti galasi lisapane dzanja la mwana, ndipo mubwereze njira yomweyo musanabwezeretse chikuto cha chitseko.