Kuyendera nyumba yakale ya kumudzi musanaigule

Musanapereke ndalama, itanani injiniya wa zomangamanga kapena mmisiri wodziwa ntchito kuti ayendere nyumbayo, ndipo ngati n'kotheka abwere m'dzinja, pamene denga lodontha ndi madzi oima m'mbali mwa maziko sizingabisike.

Ayambe ndi ming'alu. Mng'alu woonda wa pa pulasitala nthawi zambiri suopsa, koma umene ukukwera mopendekera motsatira mizere ya njerwa umasonyeza kuti maziko akutitimira, makamaka ngati nyumbayo ili pafupi ndi dambo, kumene dothi lamakande limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikizidwa ndi matope m'malo mwa simenti, choncho akande pang'ono pakati pa njerwa kuti atsimikize. Penti watsopano asakunyengeni. Kumadera monga Karonga, komwe zivomezi zinagwetsa nyumba mu 2009, aonenso ngati makoma anamangidwa ndi lamba wa konkiriti pamwamba.

Kenako akwere kudenga n'kugogoda matabwa, chifukwa thabwa lodyedwa ndi chiswe limamveka lopanda kanthu m'kati ngakhale kunja likuoneka lolimba. Zonse zimene wapeza alembe papepala pamodzi ndi ndalama zokonzera, kuti pokambirana mtengo mukhale ndi umboni.