Momwe mungaikire chingwe chatsopano m'makina odulira udzu

Makina odulira udzu pogwiritsa ntchito chingwe sadalira kuthwa. Chingwe chake ndi cha nayiloni, ndipo chimamweta udzu chifukwa cha liwiro limene mutu wa makinawo umazungulira nalo. Nsonga yake ikamamenya miyala, khoma ndi zitsa imadyeka pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Kuika china si ntchito yofuna makaniko. Komabe ambiri amene amadandaula kuti makina awo sakutulutsa chingwe, mukatsegula mumapeza kuti makinawo ali bwinobwino, cholakwika ndi kakulungidwe basi. N'chifukwa chake pa gawo limenelo tikhalitsapo.

Choyamba zimitsani makina, ndipo onetsetsani kuti sangadzuke okha. Ngati ndi a petulo, zulani kachipewa ka pulagi yoyatsira moto mu injini. Ngati ndi a batire, chotsani batirelo. A magetsi azuleni kukhoma. Mukhala mukugwira mutu wa makinawo ndi zala zanu, choncho musanyozere zimenezi. Ngati mwangomaliza kumweta, dikirani kaye kuti azizire.

Kenako onani kukula kwa chingwe chimene makina anu amafuna. Nambala yake imalembedwa pamutu wa makina, pa kagudumu kokulungapo chingwe kapena m'kabuku kamene kamabwera ndi makinawo. Makina ang'onoang'ono a magetsi ndi a batire nthawi zambiri amafuna cha 1.6 mm kapena 2.0 mm. A petulo ambiri amayenda ndi cha 2.4 mm, ndipo akuluakulu olimbana ndi tchire amafika pa 2.7 mm kapena 3.0 mm. Pali chiyeso chogula chokhuthala poganiza kuti chikhalitsa. Musatero. Chingwe chonenepa kuposa muyezo chimalemetsa injini, chimamaliza batire msanga, ndiponso chimakanirira m'tibowo totulukira. Chozungulira ndi chosavuta kukulunga ndipo chimapirira pa miyala. Cha ngodya zinayi kapena chooneka ngati nyenyezi chimadula bwino udzu wokhwima, koma chimaduka msanga chikagunda khoma.

Tsopano tsegulani mutu. Mitu yambiri ili ndi timakutu tiwiri m'mbali: kanikizani tonse pamodzi, chivundikiro chichoka. Ina mumachita kupotokola kachitsekerero kapansi, ndipo pa makina ena kamamasukira mbali yosiyana ndi imene tinazolowera, ndiye kakakana musakakamize, yesani mbali inayo. Tulutsani kagudumu mosamala chifukwa pansi pake pali sipulingi imene imakonda kudumpha n'kusowa mu udzu. Chotsani zotsalira za chingwe chakale, pukutani dothi ndi udzu wouma, ndipo yang'anani tibowo tachitsulo totulukira chingwe. Ngati tadyeka n'kukhala ndi mano, tizidula chingwe chatsopanocho nthawi ndi nthawi. Tisintheni.

Dulani chingwe chotalika monga mmene kabuku kanenera. Ngati kabukuko kanasowa, yambani ndi mamita 3 kapena 4. Chochepa chimakhala bwino kusiyana ndi chodzaza mpaka kusefukira.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa kagudumu pali kamuvi kosonyeza mbali yokulungira. Kafunefuneni, ngakhale katakwiririka ndi dothi. Mukakulungira mbali yolakwika, chingwe sichituluka mukagogoda mutu wa makina pansi kuti china chituluke, mwinanso chimamasuka chonse n'kupiringizana m'katimo.

Ngati makina anu amatulutsa chingwe chimodzi, lowetsani nsonga m'kabowo ka pa kagudumu n'kuyamba kukulunga. Ngati amatulutsa ziwiri, kagudumuko kamakhala ndi khoma pakati logawa zipinda ziwiri. Pindani chingwe pakati, kolekani popindapo m'kampata ka pakhomalo, ndipo mbali iliyonse ilowe m'chipinda chakechake. Kulungani zonse ziwiri nthawi imodzi, chala chili pakati kuti zisadutsane.

Kulungani mokoka, osati molekerera. Mzere uliwonse ugone pambali pa unzake, mukadzaza mzere wapansi ndiye mukwere pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti makina akamazungulira, chingwe chimakokeka mwamphamvu. Ngati munakulunga motayirira, cha pamwamba chimalowerera pakati pa mizere yapansi n'kupanikizika. Kugwedera ndi kukhuzana kumabweretsa kutentha, ndipo nayiloni akatentha amamatirirana. Mukadzatsegula mudzapeza chingwe chagwirana ngati munachiwotcherera. Mphindi ziwiri zimene mungawonjezere pokulunga mwadongosolo zikupulumutsani ku kutsegulatsegula mutu ntchito ili pakati.

Mukatsala ndi masentimita pafupifupi 15 mbali iliyonse, panikizani nsongazo m'timipata ta m'mphepete mwa kagudumu kuti zisamasuke. Bwezerani sipulingi, lowetsani nsonga iliyonse m'kabowo kake kotulukira, khazikani kagudumu, kenako kokani nsongazo kuti zichoke m'timipata tija. Anthu ambiri amaiwala kukoka kumeneku. Tsekani chivundikiro mpaka mumve kuti chagwira, ndipo chigwedezeni ndi dzanja kuti mutsimikize.

Mitu ina yatsopano sifuna kutsegula n'komwe. Mumangopotokola mpaka timivi tiyang'anizane ndi tibowo, kulowetsa chingwe mbali imodzi mpaka chitulukire inayo, kulinganiza kuti mbali zonse zifanane, kenako kupotokola kachitsekerero kuti chingwe chikulungike chokha. Palinso mitu imene mumangolowetsamo tizidutswa todulidula kale.

Valani magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka, bwezerani pulagi kapena batire, lizani makina. Akafika pa liwiro lonse, gogodani mutu pang'ono pa udzu wofewa, osati pa simenti. Chingwe chituluka, ndipo kampeni kamene kali pa chotchinga cha pafupi ndi mutu wa makina kadula chotsalira kuti chikhale pa muyezo. Musachotse chotchingacho: kupatula kukutetezani ku timiyala, ndi chimene chimaletsa chingwe kutalika mpaka kulemetsa injini.

Ngati chingwe chanu chakhalitsa ndipo chikungothyoka, mwina chauma. Nayiloni amamwa chinyezi, ndipo akauma amakhala wophweka kuthyoka. Chiviikeni m'madzi kwa maola 24 musanachikulunge, ndipo chotsalacho muzichisunga pamthunzi, kutali ndi dzuwa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: chingwe chikakutherani, musaike waya wachitsulo m'malo mwake. Waya akamapindikapindika pa liwiro limenelo amathyoka, ndipo kachidutswa kake kamauluka mwamphamvu moti kangathe kuboola diso kapena mwendo, wanu kapena wa mwana amene wangoima chapatali kuonerera. Ngati udzu wakula moti nayiloni akulephera, gulani mpeni wachitsulo wopangidwira makina anuwo, pokhapokha ngati kabuku kake kakuvomereza.