Funso lanu likhale maso a amene akukuyankhani

Mukamalemba funso kwa gulu la anthu osakudziwani, kumbukirani kuti iwo sali pomwe inu muli. Sakuona munda wanu, foni yanu kapena injini yomwe yakana kulira. Ali ndi mawu anu okha basi. Safunsa adadya phula, n'zoona, koma wofunsa mobisa nkhani nayenso amangolandira zongopeka.

Tengani funso ili: "Masamba a mbewu zanga achita chikasu, ndipopere mankhwala anji?" Ambiri ayankha zosiyanasiyana, ndipo wodziwadi angokhala chete poti alibe pogwira. Chikasu chimabwera pa zifukwa zambiri. Chikayambira masamba akale a m'munsi, kawirikawiri vuto ndi kuchepa kwa mchere wa m'nthaka wotchedwa nayitrojeni, chifukwa mbewu imasamutsa mcherewu kuchoka ku masamba akale kupita ku anthete. Chikayambira masamba anthete a pamwamba, mitsempha yake n'kukhalabe yobiriwira, timaganizira kuchepa kwa mchere wina wotchedwa ayironi, umene susamuka choncho. Madzi akadikha m'munda, mizu imasowa mpweya, chikasu n'kubweranso. Pa zonsezi palibe chomwe mankhwala ophera tizilombo angakonze. Wofunsayo wadzisankhira kale yankho, n'kusiya kufotokoza vuto. Ichi ndicho cholakwika chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chimathera m'kugula mankhwala osafunika.

Choncho nenani mbewu yake, nthawi yomwe munabzala, mtundu wa dothi, momwe mvula yagwera ndi feteleza amene mwathira. Jambulani zithunzi kukuwala: china cha mbewu yonse, china cha tsamba pafupi, china cha kuseri kwa tsambalo, poti nsabwe ndi mazira a tizilombo zimabisala kumeneko. Vuto likakhala la foni, tchulani mtundu wake, ngati ndi Android kapena iPhone, ndipo mawu omwe yalemba muwakopere ndendende. Musanatumize chithunzi, phimbani nambala za akaunti ndi PIN.

Fotokozaninso zomwe mwayesa kale ndi zotsatira zake. Zimapulumutsa nthawi ya onse, komanso anthu amakhala ndi mtima wothandiza munthu amene wayamba wadzithandiza yekha.

Mzere woyamba unene vuto lenilenilo. Mawu akuti "Thandizeni chonde, mwachangu" sauza katswiri kuti funsolo ndi lake. Moni ndi wabwino, koma musatumize moni yekha n'kumadikira kuti wina akufunseni chomwe chavuta. Funso likhale limodzi. Mukaunjika asanu, anthu amasankha losavuta n'kusiya lomwe likukusowetsani tulo.

Wina akakufunsani zoonjezera, yankhani msanga nkhani idakali yotentha. Mayankho akatsutsana, funsani aliyense chifukwa chake, ndipo tsatani amene wafotokoza zomveka osati amene wakweza mawu. Za mlingo wa mankhwala, a munthu, a chiweto kapena a mbewu, tsimikizani ndi dokotala kapena mlangizi musanagwiritse ntchito. Vuto likatha, bwererani mukanene chomwe chagwira, kuti wina wa vuto lomwelo asayambirenso pachiyambi.